Kuyeza za m'kati mwa ubongo wa mbewa popanda kuipha

Kuno kuchigwa cha Shire, madambo a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akadzaza madzi, malungo okwera ku ubongo timawadziwa tonse: mwana amene dzulo amangotentha thupi, lero wakomoka, sakuyankha. Makina a MRI a ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre ndiwo anathandiza kuonetsa mu 2015 kuti ana ambiri otere amafa chifukwa cha kutupa kwa ubongo. Koma maginito ake anali a 0.35 tesla basi (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), oyenera kujambula maonekedwe. Kuwerenga makemikolo a mu ubongo ndi ntchito ya MRS, njira yoyezera pa makina a MRI amphamvu imene imaonetsa kemikolo iliyonse ngati nsonga pa chithunzi, ndipo ofufuza a kunja amaichita pa mbewa za m'labotale ndi makina a 7, 9.4 kapena 11.7 tesla.

Mbewa imabayidwa tizilombo ta malungo totchedwa Plasmodium berghei ANKA, ndipo pofika tsiku la 6 kapena la 7 ubongo umayamba kugwidwa. Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti mbewa yomweyo imayezedwa isanadwale, n'kuyezedwanso ikudwala, osaidula mutu.

Amaigonetsa ndi mpweya wa isoflurane, 3 mpaka 4 peresenti poyamba, kenako 1 mpaka 2. Mutu amaumanga ndi kachitsulo koluma ndi timitengo ta m'makutu, kansalu ka madzi ofunda kamasunga thupi pa madigiri 37, ndipo kapumidwe amakayang'anira nthawi yonse. Ubongo wake sufika theka la galamu, choncho malo oyezawo ndi kabokosi ka mamilimita 2 mbali zonse, ngati njere ya mchewere.

Asanayeze amachita shimming, kusalaza mphamvu ya maginito m'kabokosimo. Pafupi ndi makutu pali mphako za mpweya zimene zimapotoza mphamvuyo, ndipo nsonga za pa chithunzi zimafutukuka n'kulowerana. Kenako amatontholetsa chizindikiro cha madzi a mu ubongo, chifukwa amachuluka kuwirikiza ka 10,000 kuposa zimene tikufuna kuona, ndipo nsonga yawo ya pa 4.7 ppm (ppm ndi muyeso wa malo a nsonga pa chithunzi) ingakwirire zonse. Akayeza ka 256, masekondi 4 aliwonse, pamapita mphindi 17. Pulogalamu ya LCModel ndiyo imasiyanitsa nsonga za makemikolowa: NAA (kemikolo ya m'maselo a ubongo) pa 2.0, creatine pa 3.0, choline pa 3.2, lactate pa 1.3.

Pa malungo, maso onse amakhala pa ziwiri. NAA ikatsika, maselo a ubongo akuvutika. Lactate ikakwera, ubongo ukuperewedwa magazi ndi mpweya wabwino. Ndipo apa ndi pamene munthu angasochere mosavuta, chifukwa lactate imanamiza. Mafuta a pakhungu ndi pachigaza amatulukira pa 0.9 mpaka 1.3 ppm, pamalo pa lactate penipeni. Kabokosi kakangokhudza fupa pang'ono, mafuta aja amaoneka ngati lactate. Isoflurane nayo imakweza lactate payokha, ngakhale m'mbewa yabwinobwino. Mbewa yodwala imazizira msanga ndipo imapuma mosalongosoka, ndiye woyeza amachepetsa mankhwala kuti isafe, osazindikira kuti wasintha muyeso.

N'chifukwa chake kabokosi kaziikidwa motalikira chigaza, ndipo mbewa zosadwala zofanizira zizigona ndi mlingo womwewo wa isoflurane kwa nthawi yofanana. Mlingowo, kutentha kwa thupi ndi kapumidwe ka mbewa iliyonse zilembedwe pambali pa zotsatira zake.