Sabata ya mafizo: kulira kwa msana si kuchira

Lolemba mpaka Lachitatu kuchipinda cha mafizo kunachuluka odandaula msana wam'munsi: alimi amene ayamba kugalauza minda, amayi osenza madzi, anyamata a kabaza. Tisanagwire msana wa aliyense timayamba tamuyeza. Amaima ndi mwendo umodzi masekondi 30 akuyang'ana, kenako atatsinzina, ndiyeno amadzuka pampando kasanu osatsamira manja.

Ambiri amadzandira akangotsinzina. Ululu umasokoneza uthenga umene minofu ndi mfundo za msana zimatumiza ku ubongo, choncho munthu amalimbitsa chiuno n'kumadalira akakolo ndi maso. Mu 1996 akatswiri ofufuza Hodges ndi Richardson anaonetsa kuti mwa odwala msana, mnofu wamkati mwa mimba wotchedwa transversus abdominis umachedwa kugwira munthu akakweza mkono mofulumira.

Amene akuyenera kukankhidwa msana timamugoneka chammbali, bondo lapamwamba litapindidwa, phewa kumbuyo, chiuno kutsogolo. Mfundo ikafika pothera, timakankha kamodzi, mofulumira koma pang'ono zedi. Kulira kumene kumamveka tikakankha ndi mpweya wa m'madzi a mfundo, si fupa lobwerera m'malo mwake, ndipo odwala tiziwauza zimenezi poyera. Kukankha wodwala ali wouma thupi ndi mantha kumangomusiyira ululu wa tsiku limodzi kapena awiri.

Tikamuyezanso, ena amawerama momasuka ndi kuima mokhazikika. Koma kupepuka kumeneku sikukhalitsa. Mphindi zomwezo ndiye za masewera olimbitsa thupi: kugwada ndi manja pansi, kutambasula mkono wakumanja ndi mwendo wakumanzere masekondi 10, chiuno chisapendekeke, kenako kusintha mbali. Malangizo a 2016 a NICE, bungwe la ku Britain lopereka malangizo a zaumoyo, amalola chithandizo cha manja pokhapokha chikuyendera limodzi ndi masewera otere, ndipo n'zoona ndithu: obwera kudzangokankhidwa amabwereranso ndi vuto lomwelo.

Lachinayi mmodzi sitinamukankhe n'komwe. Ululu wosagonetsa usiku, thukuta, kuwonda, ndi fupa limodzi lopweteka ukaligogoda: kwathu kuno zizindikirozi zimatikumbutsa TB ya msana, ndipo kukankha fupa lodyeka kungapuwalitse miyendo. Tinamutumiza ku X-ray. Okalamba a mafupa ofooka nawonso sitiwakankha, ndipo wa dzanzi pakati pa ntchafu amene mkodzo wayamba kumuvuta apite kwa dokotala tsiku lomwelo.

Lachisanu tinayezanso a Lolemba aja, atatsinzina, pa mwendo womwe uja.