Mapepala omwe ana anapaka kale: pomwe ndafika ndi mikanda ndi zoluka

Mulu wa mapepala omwe ana anamaliza kupaka mitundu wayamba kutsika tsopano. Chomwe chandifupikitsira ntchito masabata apitawa n'kuwasankha ndisanagwire sizasi, potengera chimene mwana anapakira: a makrayoni paokha, a mapensulo amitundu paokha, a ma marker paokhanso. Magulu atatuwa amachita zosiyana kwambiri akakumana ndi guluu.

Krayoni ndi phula losakaniza ndi utoto, ndipo phula silimwa madzi. Guluu woyera uja wa PVA ndi wamadzi, choncho pamalo pomwe mwana anadinikiza krayoni mwamphamvu amangoterereka, akauma n'kumatuka. Ma marker a ana ali ndi vuto lina. Ambiri inki yake anaipanga dala kuti izisungunuka m'madzi, n'cholinga choti izichoka msanga m'manja ndi pa zovala. Ndiye guluu akangochuluka pang'ono, chofiira chimayenderera n'kulowa m'chachikasu. Amenewa ndimamata ndi glue stick basi, guluu wolimba wa m'kachubu yemwe sanyowetsa pepala kwenikweni. A mapensulo savuta, amalola chilichonse.

Nthawi yanga yambiri yapita ku mikanda. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Ndimalidula m'litali kukhala timizere tosongoka, kumunsi masentimita 2, kumapeto kwinako kosongoka ngati muvi. Mukamasinthanitsa, kena kuloza kumwamba kena kumunsi, pepala limodzi limatulutsa timizere pafupifupi 20 popanda zotaya zambiri. Kenaka ndimakulunga pa kamtengo kopyapyala kuyambira kotambalala kuja, mbali yopakidwa ili kunja, n'kupaka guluu chakunsonga kokha.

Apa m'pomwe ndapeza chinthu chimene chandisangalatsa kwambiri. Mkanda ukatha, chithunzi chonse chimabisika mkati, ndipo zooneka ndi m'mphepete mokha mwa kamzere kaja, pang'onopang'ono pa mkombero uliwonse. Motero pepala lopakidwa mwaukhondo, pomwe mwana sanadutse mzere ndipo anasiya malo ambiri oyera, limatulutsa mikanda yotuwa yokhala ndi timadontho takuda. Koma lija lomwe kamwana kanangokhwatchakhwatcha mpaka m'mphepete, njovu yobiriwira, thambo lofiirira, mitundu kugundana paliponse, ndilo limapereka mikanda yowala yomwe munthu amaitembenuza kawiri kufuna kudziwa kuti yapangidwa ndi chiyani. Mapepala omwe akuluakulu amati awonongeka ndi amene ndikuwasakasaka tsopano.

Pa mapepala a makrayoni nsonga imakonda kudzuka, chifukwa kumbuyo kwake kumagona pa phula la mkombero wapansi. Mankhwala ake ndi simbi. Ndimaika pepalalo pakati pa mapepala awiri opanda ntchito n'kusita ndi moto wochepa. Phula la parafini limasungunuka lisanafike ndi pa madigiri 70 pomwe, choncho palibe chifukwa chotenthetsa simbi kwambiri. Phula lowonjezera limalowa m'mapepala apamwamba ndi apansi aja, mtundu umakhazikika bwino, ndipo guluu amayamba kugwira. Iyi ndi ntchito ya munthu wamkulu, ana amangoonerera patali. Ndikumbutsenso kuti mikanda yotereyi ndi yaing'ono, mwana wosakwana zaka 3 akhoza kuiika m'kamwa n'kutsamwa. Ndimaisunga m'botolo lotseka, pamalo okwera.

Kuluka ndiko ana akuchita okha. Ndimatenga pepala limodzi n'kulicheka mizere ya sentimita imodzi ndi theka, koma ndimasiya masentimita 2 kumwamba osadula kuti lisamwazike. Lachiwiri ndimalidula timizere tothera. Kenaka ndi kulowetsa pamwamba, pansi, pamwamba, monga aluka mkeka. Zimakongola kwambiri pepala lina likakhala la mitundu yoderako, lina yowala. Mukaphatikiza awiri ofanana zimangosokonekera, maso sapeza pogwira. Tikamaliza timamata pa chidutswa cha katoni, ndipo zina zasanduka zikuto za makope, zina zoikira chizindikiro m'buku.

Maenvulopu sanandichedwetse. Mumatula envulopu yakale, n'kuigoneka pa pepala, kujambula m'mbali mwake, kudula, kupinda, basi.

Zopachika pawindo ndikupangira mapepala a makrayoni okha, popeza inki ya ma marker imasuluka msanga ikamawombedwa ndi dzuwa. Kadontho ka mafuta opaka ana, mukakapukutira kumbuyo kwa pepala ndi thonje, kamachititsa kuti kuwala kuzidutsa, mitundu n'kuoneka yakuya. Ingoonetsetsani kuti mwamata kaye zomata zonse, chifukwa pepala likamwa mafuta guluu sagwiranso.

Pali lamulo limodzi lomwe sindiphwanya: sindidula pepala ndisanafunse mwini wake. Ife timaona mulu wa mapepala, koma mwana amakumbukira lomwe anavutikira madzulo onse. Limene wanena kuti ayi, timalemba dzina ndi tsiku kumbuyo n'kuliika mu fayilo. Otsalawo amasankha yekha kuti apite ku mikanda kapena ku zoluka, ndipo ndaona kuti akasankha yekha amakhala pansi nthawi yaitali akuthandiza.

Chomwe chatsala ndi vanishi. Mikanda yosapaka kanthu imafewa ikakhudza thukuta kapena madzi. Ya makrayoni ndi ya mapensulo ndaipaka PVA wosungunula ndi madzi pang'ono, kawiri, ili pa kamtengo pomwepo kuti chibowo chisatsekeke, ndipo yalimba bwino. Ya ma marker ndaiimika kaye mpaka nditapeza vanishi wopopera, chifukwa burashi yonyowa ingafufute mitundu. Sabata yamawa ndiyesa kupinda timizere totsala m'litali n'kutikulunga mozungulira kuti ndione ngati tingalimbe mokwanira kupanga kambale kosungiramo mikandayo.