Mankhwala ndi omwewo, koma mwana wakula

Lachiwiri. Lero tinapita kuchipatala ndi mwana wanga wamkazi, nditanyamula kope lomwe ndimalembamo za kudwala kwake. Chiyambireni kumwa carbamazepine ali wamng'ono, matenda a khunyu anali atagona kwa zaka, moti tinafika poiwalako. Atangotha msinkhu, masamba a kopeli ayambanso kudzaza.

Chondisowetsa mtendere n'chakuti sizikubweranso ngati kale. Kale ankagwa, thupi n'kuuma, kuphupha, thovu kukamwa, kenako tulo tofa nato. Pano ndi za m'mawa akangodzuka. Mkono umangodzidzimuka wokha, mswachi uli pansi, iye n'kumayang'ana dzanja lake modabwa. Sakomoka ayi. Amangonena motsitsa mawu kuti, "Amayi, sindinachite dala." Mawu amenewa amandilasa mtima kuposa kugwa kumene.

Adokotala asanatsegule n'komwe kope lija, anayamba amukweza pa sikelo. Anati mlingo wa mankhwala a ana umawerengedwa potengera kulemera kwa thupi, choncho mapiritsi amene ankakwanira mwana wa zaka 8 akhoza kuchepa pa mtsikana wa zaka 14. Ine mumtima ndinati basi nkhani yatha, angowonjezera tizipita. Koma atawerenga za mkono uja anakhala kaye chete, kenako anayamba kumufunsa mwanayo, osati ine. Zimachitika nthawi yanji? Manja onse awiri kapena limodzi? Usiku wake amakhala atagona bwanji?

Apa ndi pamene ndinamva zimene zandikhala m'mutu tsiku lonse. Pali mtundu wa khunyu umene umakonda kuonekera mwana akamasinkhuka, ndipo chizindikiro chake ndi kudzidzimuka kwa manja m'mawa, makamaka ngati sanagone mokwanira. Carbamazepine amathandiza kwambiri pa khunyu yoyambira mbali imodzi ya ubongo, koma pa mtundu uwu akhoza kukulitsa vutolo. Thupi langa linazizira. Abale ondifunira zabwino akhala akundiuza kuti ndizingomuwonjezera theka la piritsi pandekha. Uphungu umenewo ndi woopsa, ndipo ndikufuna kholo lililonse lidziwe kuti mankhwala amene anapulumutsa mwana dzana akhoza kusagwirizana ndi mmene matendawo alili lero.

Ndinafunsa za mankhwala ena a khunyu otchedwa sodium valproate, poti ndinamvapo kuti ndi amphamvu. "Zoona mayi, amagwira bwino ntchito pa mtundu umenewu," anatero adokotala, "koma kwa mtsikana timaganizanso za mawa, chifukwa akhoza kuvulaza mwana wosabadwa mayi akamamwa ali woyembekezera." Akuganiza za levetiracetam, koma akufuna aone kaye zotsatira za EEG, kupima kuja amamata timawaya kumutu kuti aone mmene ubongo ukugwirira ntchito. Kusinthako kudzakhala kwa pang'onopang'ono, ena akukwera ena akutsika. Kusiya mwadzidzidzi kukhoza kubweretsa kugwa kosalekeza, ndiye mpaka tsikulo akumwabe akalewo mmene analembera.

Zina tinangodutsamo mwachangu. Kusagona, kutentha thupi, kudumphitsa mapiritsi, nkhawa, mowa, zonsezi zimadzutsa matendawa ngakhale mankhwala ali oyenera. Atsikana ena amagwa kwambiri masiku oyandikira msambo, ndiye anatipempha kuti tizilembanso masiku amenewo. Anachenjezanso kuti mankhwala ena amalimbana m'thupi: rifampicin wa TB amafooketsa ena a khunyu, ndipo carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera. Kulikonse kumene angakalandire chithandizo, aziyamba wanena zimene akumwa.

Tili pakhomo potuluka, mwana wanga anatembenuka n'kufunsa yekha, "Adokotala, ndidzamwa mpaka kalekale?" Sanamunamize. Anati pali ana amene matendawa amawathera akamakula, ndipo munthu akatha zaka ziwiri osagwa madokotala amatha kuganiza zochepetsa mankhwala. Koma ngati ndi mtundu umene akuukayikirawu, ambiri amamwa kwa zaka zochuluka, ngakhale kuti umamvera mankhwala bwino. Anamuuzanso zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena, kuti mwa anthu pafupifupi 50 miliyoni amene ali ndi khunyu padziko lonse, mpaka 70 pa 100 alionse akhoza kukhala osagwa atapimidwa ndi kuthandizidwa moyenera. Ndinawathokoza chifukwa chomuyankha ngati munthu wamkulu. Thupi ndi lake, ndipo posachedwa ndi iye amene aziyankha mafunso amenewa ine kulibe.

Madzulo ano takambirana za kuwerenga mpaka pakati pa usiku pokonzekera mayeso. Sanakondwe, koma wavomera kuti aziwerenga masana n'kumagona nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Mawa ndipita kukaonana ndi aphunzitsi ake. Ayenera kudziwa kuti akagwa amugoneke cham'mbali, asamuike kanthu kalikonse m'kamwa, ndipo zikapitirira mphindi 5 athamangire naye kuchipatala osadikira ine.