Zimene tsamba langa lolowera linandiphunzitsa

Semesita yathayi tinapatsidwa ntchito yolemba pulogalamu yosunga mayina a mamembala a banki m'khonde ndi ndalama zimene aliyense wasonkha, ndipo ine ndinalemba yanga ndi chilankhulo cha makompyuta cha PHP ndi database ya MySQL, nkhokwe yosungiramo mayina ndi ndalamazo. Madzulo ena a mu June, chisanu cha kuno ku Mzuzu chitafika pachimake, mnzanga wa m'kalasi anabwera kumene ndimachita lendi ku Luwinga n'kupempha kuti ayese tsamba lolowera. Pamalo a pasiwedi anangolemba ' OR '1'='1, ndipo pulogalamuyo inamulandira ngati msungichuma.

Cholakwika chinali chakuti mawu amene munthu walemba ndinkawalumikiza mwachindunji ku lamulo la SQL, chilankhulo chimene pulogalamu imalankhulira ndi database, motero database sinathe kusiyanitsa lamulo langa ndi mawu a mlendo. Popeza OR amatanthauza "kapena", ndipo 1 amafanana ndi 1 nthawi zonse, database inabweza mizere yonse ya mamembala, pulogalamu n'kutenga dzina loyamba, limene linali la msungichumayo. Vutoli, lotchedwa SQL injection, linafotokozedwa kale mu 1998 m'magazini ya Phrack, komabe mu 2015 linachititsa kuti zinsinsi za makasitomala oposa 150,000 a kampani ya TalkTalk ku Britain zibedwe, ndipo kampaniyo inalipitsidwa chindapusa cha £400,000.

Anzanga ena amanena kuti ntchito yoteteza sifuna luso lolemba mapulogalamu, chifukwa zida monga sqlmap zimapeza zokha malo ofooka. Mbali ina akunena zoona: njira ya prepared statements, imene imatumiza lamulo palokha ndi mawu a munthu paokha, ndinaimvetsa usiku umodzi wokha, ngakhale kuti sindine katswiri. Koma chida chimangokulozera pamene pakudontha, sichifolera denga.

Zimenezi ndinaziona bwino nditafika pa gawo losanja mamembala potengera dzina kapena ndalama. Dzina la column (gawo la tebulo, monga la mayina kapena la ndalama) limene limabwera pambuyo pa ORDER BY, mawu a SQL osanjira zinthu, silingatumizidwe palokha ngati parameter kudzera m'njira ya prepared statements, choncho ndinayenera kulemba ndekha mndandanda wa mayina ololedwa, pulogalamu n'kumakana lina lililonse. Munthu wosatha kuwerenga code sakanadziwa kuti khomo limeneli latsala lotsegula, pamene kumbuyo kwake kuli ndalama za amayi amene amasonkha sabata ndi sabata.

Panopa ndachotsa pulogalamuyo pa akaunti ya root, imene ili ndi mphamvu zonse pa database, n'kuipatsa yakeyake, yopanda mphamvu yofufuta matebulo, ndipo mapasiwedi ndikuwasunga pogwiritsa ntchito password_hash, njira ya PHP yosokoneza pasiwedi kuti asawerengeke. Mnzanga uja abweranso Loweruka kudzayesa kachiwiri.