Impact ndi drill: zomwe ndinaona padenga, m'khitchini ndi pakhoma sabata yatha

Chiyambire pomwe anyamata athu a ku Joni anayamba kutumiza zida zoyendera mabatire kuno ku Mangochi, anthu sasiya kundifunsa ngati munthu atagula impact yokha, chida chomangira masikuluwu, angathe kukhala opanda drill pakhomo. Ine ndine kalipentala, zida ziwirizi zimagona m'chikwama chimodzi, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi. Koma ayi wopanda chifukwa sathandiza munthu amene ali ndi ndalama ya chida chimodzi chokha, ndiye ndifotokoze mmene sabata yathayi inayendera.

Lolemba ndi Lachiwiri tinali padenga ku Makawa, cha kumsewu wa ku Monkey Bay, kukhoma malata a IBR pa nyumba yogona alendo. Eni ake anakana misomali, anafuna masikuluwu okhala ndi kamphira kumutu aja, ndipo ndinagwirizana nawo, chifukwa mphepo ya kunyanja imagwedeza lata mpaka msomali kuyamba kudzuka. Ntchito imeneyi ndi ya impact, palibe kutsutsa. Ukaigwira ndi drill tsiku lonse, madzulo mkono umakhala ukuwawa, chifukwa sikuluwu ikalimba drill imafuna kukupotokola dzanja. Impact sitero. M'kati mwake muli kahamala kokhala pa sipuling'i, ndipo sikuluwu ikangoyamba kukana, kahamalako kamamenya mozungulira mwachangu kwambiri. Mphamvu yonse imapita ku sikuluwu, dzanja limangolondolera. Munthu uli pamwamba, dzanja lina wagwira phaso, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Komabe mphamvu yomweyo imafuna khutu. Muphwa wanga amene ndikumuphunzitsa ntchito ndinamuuza asanakwere: "Iwe, ikangoyamba kulira tatata, chotsa chala. Kamphira kangokhala pansi bwino, kasaphwanyike." Kamphira kakaphwanyika, dzuwa la kuno limakamalizitsa, ndipo mvula ya Disembala ikafika eni nyumba ayamba kutchera mabeseni pabalaza. Pofika 10 koloko malata anali osagwirika, tinatsika kukadikira kuti kuzizireko. Mabatire ndimawasiya pamthunzi nthawi zonse, chifukwa batire la lithium likatentha kwambiri limakalamba msanga, ndipo chaja yabwino imakana kulilandira mpaka litazizira.

Lachitatu ndi pomwe impact inagona m'chikwama tsiku lonse. Tinali pa boma, kukhoma makabati a kukhitchini a chipboard. Zitseko za makabati amenewa zimafuna bowo lozungulira la mamilimita 35 lokhalamo hinjesi, ndipo biti yoboolera bowolo ili ndi tsinde lozungulira. Drill imaigwira bwinobwino chifukwa pakamwa pake, pomwe timati chuck, pamatseguka ndi kutsekeka mpaka mamilimita 10 kapena 13 malinga ndi kukula kwa chidacho. Impact ilibe chuck. Imangolandira biti ya tsinde la makona 6, la kota ya inchi, basi. Ena amati mabiti oboolera a tsinde loterolo alipo. Alipodi, inenso ndili nawo, koma amasewera pang'ono pomwe alowera, bowo silituluka loyera, ndipo aang'ono amathyoka kahamala kaja kakayamba kumenya. Komanso mukapita m'mahadiweya ambiri, mabiti omwe mungawapeze msanga ndi a tsinde lozungulira.

Chachikulu kwa ine ndi kamkombero ka manambala kali kuseri kwa chuck ya drill. Kameneka ndi klatchi. Ukakaika pa nambala yotsika, sikuluwu ikangokhala pansi drill imasiya yokha kukankha, imangolira krrr. Chipboard ndi utuchi womata ndi guluu, ndipo kasikuluwu kakang'ono ka hinjesi ukakapitiriza pang'ono chabe kamangozungulira m'bowo osagwiranso kanthu. Chitseko chimayamba kulendewera kabati isanathe ndi mwezi. Ma impact ena ali ndi batani lochepetsera liwiro, koma klatchi yeniyeni alibe, chala chako ndiye klatchi. Mmisiri wozolowera atha kukwanitsa. Bambo amene amagwira chida Loweruka lokha aononga thabwa, ndipo zimandipweteka kuona kabati yodula itang'ambika chifukwa cha chida chosayenera.

Lachinayi kunali tintchito ta pakhoma pa nyumba yomweyo: mapaipi a makatani, chopachikira TV, mashelefu awiri. Apa pali chisokonezo chomwe ndimakumana nacho kawirikawiri. Munthu akamva impact ikulira amaganiza kuti ikumenya khoma. Ayi, impact imamenya mozungulira, pomwe njerwa imafuna chida chomenya kutsogolo. Ntchito imeneyo ndi ya drill yokhala ndi chizindikiro cha hamala pa kamkombero kaja. Njerwa zootcha zathuzi imaboola mosavuta, ulowetse pulagi ya pulasitiki, umange sikuluwu. Pa lintel ya konkire pamwamba pa zenera ndinachita kudikira magetsi ayake kuti ndigwiritse SDS yachingwe, drill yamphamvu yoboolera konkire, chifukwa pamenepo drill ya batire imangotentha biti.

Madzulo ake tinapachika chitseko cha mlombwa, ndipo apa zida zonse ziwiri zinagwira limodzi. Mlombwa ukaulowetsa sikuluwu osayamba waboola kabowo kotsogolera, thabwa limang'ambika kapena sikuluwu imaduka mutu, makamaka ndi impact. Ndiye muphwa wanga amaboola ndi drill, ine ndikumanga ndi impact pang'onopang'ono. Umu ndi mmene amisiri timagwirira, ndipo n'chifukwa chake timanyamula zonse.

Lachisanu masana anzanga atapita kumzikiti, ndinatsala pakhonde ndi eni nyumba ya makabati ija, aphunzitsi opuma ntchito. Mwana wawo ali ku Johannesburg ndipo anawauza kuti asankhe chida chimodzi chowatumizira. Iwo anali atamva kulira kwa impact dzulo lake ndipo mtima unali utapita kumeneko.

"Amisiri, si yamphamvu ija yomwe ingandithandize?" anandifunsa.

Ndinawafunsa ntchito zomwe amagwira pakhomo. Anatchula kukonza loko, kumanga mipando yogwedera, kupachika zithunzi ndi makatani, kukonza khola la nkhuku. Ndinati: "Bambo, zonse mwatchulazi ndi kuboola komanso timasikuluwu tating'ono. Denga mumakhoma kamodzi pa zaka zambiri, ndipo tsikulo mudzaitana ife. Awuzeni achimwenewo agule drill ya 18V yokhala ndi hamala, ya magiya awiri, chuck ya mamilimita 13."

Ndinawalembera papepala zina zoti akatumize pa WhatsApp. Mabatire akhale awiri, chifukwa kuno magetsi akazima umafuna lina lodzaza kale. Asavutike ndi kusiyana kwa 18V ndi 20V, ndi batire limodzimodzi la maselo 5, ena amangolemba mphamvu yake likangochoka pa chaja. Batire la Makita sililowa pa Bosch, la DeWalt sililowa pa Ingco, choncho asankhe mtundu umodzi kuti tsiku lomwe adzafune impact adzangogula thupi lokha n'kugwiritsa mabatire omwewo. Chaja ya ku South Africa imagwira kuno chifukwa magetsi ndi ofanana, 230V, kungoti pulagi yawo ndi ya mano ozungulira ndipo ifunika adaputala. Yoopsa ndi chaja yochokera ku America ya 120V, imeneyo ikalowa m'soketi mwathu imapsa.

Aphunzitsiwo anawonjezera okha pansi pa pepalalo kuti mwana wawo asaiwale kabokosi ka mabiti a thabwa, a chitsulo ndi a khoma. Loweruka ndinabwerera ku Makawa kukamaliza msonga wa denga, ndipo ndinagulira muphwa wanga zotsekera m'makutu, chifukwa phokoso la impact pa malata tsiku lonse limawononga makutu a munthu akadali mnyamata.