Usiku umene McIlroy analira ku Augusta

Pa 13 April 2025 sitinagone. Ndinali kwa achimwene ku Matawale, maso ali pa TV, tikuonera Masters, mpikisano waukulu wa gofu umene umachitikira ku Augusta, ku America. Kuno nthawi inali itadutsa 1 koloko usiku pamene Rory McIlroy anagonjetsa Justin Rose pa dzenje lowonjezera, n'kugwada pansi akulira. Nanenso misozi inalengeza. Zaka 11 munthu akudikira chikho chachikulu!

Achimwene anati, "Iwe, nambala wani padziko akadali Scottie Scheffler." Sindinatsutse. Mapointi opezera nambala wani amawerengedwa pa zaka ziwiri, ndipo Scheffler saphonyaphonya. Koma ine amene ndinadziwira gofu ponyamula zikwama za madoda ku Gymkhana Club, mtima wanga unali kwa McIlroy. Kutacha, ndinatenga ndodo zanga zakale n'kukamenya mipira m'munsi mwa phiri.