Sabata yokonza makhadi a mawu pa Linux

Kompyuta ya mu situdiyo ya wailesi ya m'dera imene ndimagwirako ntchito imayendera Ubuntu 22.04, mtundu wina wa Linux, ndipo ili ndi makhadi a mawu awiri, lina la m'kati ndi lina la USB limene limalumikizana ndi mikisa. Lolemba aulutsi anadandaula kuti magetsi akazima n'kuyakanso, nyimbo zimatulukira ku sipika yaing'ono ya pa tebulo, pamene ku mikisa kuli zii. Akuluakulu anali atayamba kale kukamba zogula khadi latsopano, koma ndinawapempha kuti ayambe adikira.

Nditawerenga /proc/asound/cards, fayilo imene imaonetsa makhadi a mawu amene kompyuta yawapeza, zinaoneka kuti khadi la USB linalibe vuto. ALSA, imene yakhala maziko a mawu mu Linux kuyambira pa kernel 2.6, imapereka manambala kwa makhadi motsata limene layamba kupezeka makina akamayaka, choncho khadi limene lero ndi 1 mawa likhoza kukhala 0. Pulogalamu yathu yoseweretsa nyimbo inauzidwa kutumiza mawu ku hw:1,0 basi, kutanthauza khadi nambala 1. Lachiwiri ndinachotsa nambalayo n'kuikapo dzina la khadi, ndipo mu /etc/modprobe.d, mmene mumalembedwa malangizo a madalaivala, ndinalemba index=0 pa snd-usb-audio (dalaivala wa khadi la USB) ndi index=1 pa snd-hda-intel (wa khadi la m'kati), kuti manambala asamasinthenso. Kwa ine dzina ndi limene liyenera kudaliridwa; zinazo ndinangowonjezera poopa mapulogalamu akale amene amangodziwa manambala.

Lachitatu linathera mu alsamixer, pulogalamu ya ALSA yokwezera, kutsitsira ndi kutsekera mawu. Nditasankha khadi la m'kati ndi F6, ndinapeza MM pansi pa Headphone, kutanthauza kuti njirayo ndi yotseka, ndipo nditadina M zilembozo zinasanduka OO, kutanthauza kuti yatseguka. Ndinasunga zonse ndi alsactl store.

Chimene chinanditopetsa ndi uthenga wa "Device or resource busy" umene unabwera Lachinayi. PulseAudio, pulogalamu imene imagawira mapulogamu ena mawu, inkagwira khadi la USB pulogalamu yathu isanalipeze, kotero ndinatsegula pavucontrol, yowongolera PulseAudio, n'kuika khadilo pa Off. Ndikudziwa kuti kuyambira pa Ubuntu 22.10 malo a PulseAudio anatengedwa ndi PipeWire, koma makina oulutsira mawu sindiwasintha pomwe akugwira bwino. Kaphokoso ka "thi" kamene kankamveka m'mahedifoni kanatha nditaika power_save=0, imene imaletsa khadi kudzizimitsa pofuna kusunga magetsi.

Lachisanu tinazimitsa ndi kuyatsa kompyuta mobwerezabwereza, ndipo mawu ankapita ku mikisa nthawi zonse. Kwatsala kulira kwa pansipansi kumene kumasintha ndikagwedeza chingwe cha XLR, ndipo chingwecho ndichiwotcherera Lolemba.